Munagonera chiyani dzulo? Mbiri ya mbale yathu kuno ku Mlangeni

Loweruka lapitali, msonkhano wa kalabu utatha, ndinafunsa anzanga amene tinatsalira pabwalo funso looneka lachibwana: dzulo munagonera chiyani? Mayankho ake mukuwadziwa kale. Nsima ya nyemba. Nsima ya kabichi. Nsima ya soya pieces. Nsima ya bonya wothira tomato. Mmodzi yekha ndiye anayankha motsitsa mawu ngati akuvomera mlandu, amvekere: "Ife kwathu sitinadye, tinangogonera kachewere basi." Tonse tinafa nacho chiseko.

Koma pobwerera kunyumba nkhaniyi inandivuta mumtima. Kuno ndi ku Mlangeni. Mbatatesi yochokera kuno, ku Lizulu ndi ku Tsangano ndi imene malole amatuta usiku ndi usana kupita nayo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Anthu a m'tauni amalipira ndalama zambiri kuti adye tchipisi ta mbatatesi yomweyi, ife eniake tikaiphika madzulo timati tagona ndi njala. Zinayamba liti zimenezi? Kusukulu ndinkakonda History, ndipo za a Kalonga ndi za Angoni ndinaziloweza mpaka tsiku la mayeso a Fomu 4, koma palibe tsiku limene tinafunsapo kuti anthu amenewo madzulo ankadya chiyani.

Choyamba chimene chinandidabwitsa n'chakuti chimanga, chomwechi timachitcha cha makolo, n'chobwera. Kwawo ndi ku Mexico, kumene anthu anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Africa chinafika chaka cha 1500 chitadutsa, pa zombo za Apwitikizi. Pofika m'ma 1530 Apwitikiziwo anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi, ndipo Tete ndi chigawo chomwechi timachiona tikangoyang'ana tsidya la msewu wa M1. Akatswiri ena amati ngakhale dzina loti chimanga limatanthauza chinthu chochokera kugombe la nyanja yamchere. Ndiye kuti a Kalonga oyambirira a Amaravi sanalaweko nsima imene ife timaidziwayi. Yawo inali ya mapira ndi mawere, yopera pamphero, yoderapo, yolemera m'mimba.

Tikasuzumira m'mbale ya ndiwo, alendo ndiye achuluka zedi. Nyemba, mtedza, maungu ndi nkhwani zake, tomato, tsabola, chinangwa, mbatata: zonsezi kwawo ndi ku America. Mawu oti mbatata ndi achipwitikizi, batata. Mbatatesi kwawo ndi kumapiri a Andes, inadzera ku Ulaya, ndipo kuno inafika mochedwa, nthawi ya amishoni ndi atsamunda. Inakonda kuzizira kwa mapiri athuwa n'kukhazikika. Kabichi ndi anyezi maina awo okha akuulula kumene anadzera. Nanga zathuzathu za mu Africa muno ndi ziti? Khobwe ndi chitambe chake, nzama, luni, therere, mapira, mawere. Taonani bwinobwino mndandandawu, ndi zomwe zija ana a masiku ano timazikwinyira nkhope n'kumati ndi zakudya za agogo.

Tsono pali mbali ya ife Angoni. Angoni a Maseko, atayenda ulendo wautali kuchokera kumwera mpaka kukafika ku Songea m'dziko la Tanzania, anabwerera n'kudzakhazikika cha ku Domwe m'ma 1870, kudera limene lero ndi Angonia. Anali anthu a ng'ombe. Chakudya chaulemu chinali nyama, uwende ndi chambiko, ndipo nsomba sankaziwerengera ngati chakudya cha munthu wolongosoka. Lero mdzukulu wa impi akulimbirana bonya pa msika wa Lizulu, kkkk. Chinachitika n'chiyani? Ng'ombe zinachepa, poyamba ndi mliri umene unapulula ziweto kum'mawa ndi kumwera kwa Africa m'ma 1890, kenako moyo wonse wakale unasintha Angerezi atapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896. Koma ine ndikuona kuti chachikulu chinachitikira pamafuwa. Angoni anakwatira akazi a mitundu imene anaipeza kuno, ndipo amene amagwira mthiko ndi amenenso amaphunzitsa mwana kuyankhula. Chingoni chinazilala m'kamwa mwathu, m'mphika namonso munalowa nkhwani zotendera. Nyama ndi ngoma timazikumbukira bwino pa Umhlangano ku Nkolimbo, koma mgonero wa tsiku ndi tsiku ndi wa amayi a Chichewa aja.

Chimanga sichinalande ufumu tsiku limodzi. Kwa zaka zambirimbiri chinkalimidwa pamodzi ndi mapira ndi mawere, ndipo chinadzapambana kwenikweni m'zaka za m'ma 1900. Zifukwa zake n'zomveka. Chimacha msanga. Umatha kuyamba kukazinga dowe mwezi wa njala usanathe. Chili ndi makoko, pamene mapira ngala zake zili pamtunda, mbalame zimangodzitengera. Agogo anga aakazi amati ali mtsikana ntchito ya ana inali kukhala kumunda tsiku lonse kuingitsa mbalame. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji anasiya kulima mapira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amunanga, inu mutapita kusukulu nonse, mbalamezo akanaingitsa ndani?" Yankho limeneli m'buku la History mulibe. Onjezanipo kuti m'maesiteti ndi kumigodi ya ku Joni, kumene azigogo athu aamuna ankapita pa Wenela, phoso linali la ufa wa chimanga. Kenako kunabwera chigayo, mphero n'kutayidwa kuseri kwa nyumba. Nthawi ya Kamuzu, ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, chimanga chinasanduka muyeso wa chilichonse: mlimi weniweni ndi wa nkhokwe yodzadza chimanga, dziko lokhuta ndi la chimanga.

Pali kankhani kena kamene kamandisangalatsa, koonetsa kuti amayi a pamtondo anagonjetsapo akatswiri. Mbewu zambiri za haibulidi zakale zinali zofewa. Zinkabereka kwambiri, inde, koma ukati ukonole zinkangofumbutuka, mphale yambiri n'kupita ku gaga, komanso anankafumbwe sankachedwa kuziboola m'nkhokwe. Amayi anazikana. Ankalola kulima haibulidi wogulitsa, koma cha pakhomo chinali cha makolo cholimba chija, choti ukonole, uviike, uyanike, upeze ufa woyera. Alangizi anayankhula mpaka kutopa. Mapeto ake akatswiri a ku Chitedze ndi amene anasintha: mu 1990 anatulutsa MH17 ndi MH18, mbewu zolimbirako zotheka kukonola. Mtondo unalamula labotale.

Komatu kudalira mbewu imodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo mbiri yathu ili ndi zipsera. Pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri madera a ku Blantyre, anthu ankayenda pansi mitunda italiitali kukasuma kumadera okwera, ena mpaka kuno ku Ntcheu. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, ndipo amayi anga, amene nthawiyo anali kupulayimale, amakumbukira nsima yachikasu ya chimanga chothandizira chochokera kunja. Akuti ankadya atatsinzina, osati chifukwa inali yoipa, koma chifukwa mtima unkakana kuti nsima ingakhale ya mtundu umenewo. Za 2002 sakonda kuzikamba. Amangoti gaga, amene lero timapatsa nkhumba, anthu ankamulimbirana pachigayo. Ya 2024 tonse taiona ndi maso athu: mvula inadula pakati, ndipo mwezi wa Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi.

Chipsera chimene sindinkachidziwa ndi cha nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Kuyambira cha m'ma 1986 abale athu a tsidya anathawira kuno mwaunyinji, mpaka m'dziko lonse anapitirira 1 miliyoni, ndipo Ntcheu linali limodzi mwa maboma amene analandira ambiri. Kunena zoona ena sanali alendo n'komwe, anali achibale amene malire a 1891 anangowasiya mbali inayo. Chakudya chimene ankalandira chinali ufa wa chimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mtedza utasiya kubwera, mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo m'dziko muno anadwala pellagra, matenda amene khungu limada n'kumasweka pamene pamawomba dzuwa, munthu n'kumatsegula m'mimba, ena mpaka mutu kusokonezeka. Sikuti ankagona ndi njala. Nsima ankadya. Vuto ndi lakuti m'chimanga muli vitamini wotchedwa niacin amene thupi silitha kumutenga bwino, ndiye munthu akamadya chimanga chokhachokha popanda ndiwo zokwanira amadwala ali wokhuta. Eniake a chimanga ku Mexico anazitulukira kalekale: amachiphika kaye m'madzi a laimu kapena a phulusa, vitamini uja n'kumasuka. Mbewu inawoloka nyanja, koma nzeru yophikirayo inatsala. Chondiseketsa n'chakuti madzi a phulusa ifenso tili nawo, ndi chidulo chomwechi, kungoti ife timathira m'therere.

Ndiye mukaona nsinjiro m'nkhwani musamayese n'zongokometsera. Amayi akale sankadziwa mawu oti niacin, koma mbale yawo inali ndi mtedza, khobwe, nzama, ndi mfutso wosunga m'chikwatu wodya m'chilimwe masamba akasowa. Mbale yathu ya lero ikunka ichepa. Mafuta ophikira anakwera, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mabanja ambiri timagula a m'timapepala toyezera madzulo amodzi. Soya pieces walowa m'malo mwa nyama, ndipo ine sindimunyoza, watithandiza. Chimene chimandiwawa ndi ichi: kwathu chaka chatha tinagulitsa mbatatesi nthawi yokolola, pamene aliyense akugulitsa ndipo mavenda akutchula okha mtengo, kuti tipeze ndalama yogulira chimanga chimene pofika Januwale chinali chitakwera kale. Tinagulitsa chakudya motchipa kuti tigule chakudya modula. Nditanena zimenezi pakhomo, bambo anangoti, "Ndiye ukufuna tizigonera kachewere ngati tili paulendo?" Sindinawayankhe, chifukwa nanenso ndikadya mbatatesi madzulo, pofika 10 koloko m'mimba mumakhala mukufunsa kuti nsima ibwera nthawi yanji.

Lachitatu ndinakakamira agogo kuti andiphikire nsima ya mawere, ndilaweko zimene a Kalonga ankadya. Mawere ali nawo pang'ono m'kachitini, amasungira chimera cha thobwa, ndipo kumeneko ndi kokhako kumene mbewuyi yabisala m'nyumba zambiri kuno. Anadandaula kaye kuti ndikuwathera mbewu. Mphero tinakaipeza kuseri kwa khola, nkhuku zikumwerapo madzi, mwana wake atasowa, moti tinangosinja mumtondo n'kusefa. Povundula inalimba msanga kuposa ya chimanga, ndipo poomola inatuluka yofiirira ngati dothi la katondo. Tinadyera chitambe chotendera. Mlongo wanga wamng'ono anangotema kamodzi n'kufunsa ngati kwatsala mkute wa masana. Ine ndinamaliza mitanda iwiri, ndipo m'mawa mwake sindinafune kadzutsa.

Agogo akuti m'chitinimo mwatsala mawere okwana kabedi kamodzi, ndipo alola kutigawirako ngati kalabu ipeze malo kudimba. Nzama alibe, akuti tifunse kwa anzathu a ku Tsangano kapena tsidya. Amene agogo anu akusungabe mapira, mawere, nzama kapena khobwe wamakolo, bweretsaniko kadzanja kamodzi Loweruka likubwerali, ndipo muwafunse dzina la mbewuyo ndi mwezi wodzala, mulembe papepala.