Mlendo Wopatsidwa Malo

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma iwo omwewo anadziwa kusiyanitsa alendo a mitundu iwiri. Alipo mlendo wapaulendo, amene timphikira nsima ndi kumuyalira mphasa, ndipo m'mawa timperekeza kufikira kudambo. Alipo winanso amene afika ndi mkazi, ana ndi makasu, napita kwa mfumu kukapempha malo. Ameneyu mfumu ikamvomera imuonetsa pomanga nyumba ndi polima, ndipo tsiku limene mwana wake amwalira imuonetsanso poika maliro. Kuyambira pamenepo, ngakhale onse adziwa kuti mchombo wake unagwera kwina, palibe munthu angamchotse usiku popanda mlandu woweruzidwa pabwalo. Nafenso a dziko la Gomani tisaiwale kuti ambiri a ife tinali obwera, pakuti Angoni anafika ku Domwe pafupi ndi chaka cha 1870, ngakhale kuti iwo sanapemphe malo ndi nkhuku ayi, anapempha ndi nthungo.

Maboma a masiku ano achita chomwecho, koma ndi pepala. Pakati pa mlendo wa masiku owerengeka ndi mbadwa yeniyeni anaikapo munthu wachitatu, ndiye wobwera amene apatsidwa kalata ya kukhazikika, yonena kuti akhoza kukhala m'dzikomo moyo wake wonse. Tifuna kulongosola m'mene ana a kwathu kuno anagwirira ntchito kummwera zaka zambiri osapatsidwa kalata imeneyi, ndi chimene anapindula iwo amene potsiriza anailandira.

Ulendo wa kummwera unakula kuno ku Ntcheu Azungu atapha Inkosi Gomani woyamba m'chaka cha 1896, pakuti pambuyo pake msonkho wa nyumba unafika m'midzi yonse, ndipo ndalama ya msonkho siinali kumera m'munda. Anyamata anatsika ndi njira ya ku Tete, naoloka Zambezi, nayenda pansi milungu yambiri kufikira ku Salisbury, ku migodi ya Shamva ndi Wankie, ndi ku minda ya Azungu. Ena anapitirira mpaka ku Johannesburg, kumene ife titi ku Joni. Anachuluka kotero kuti m'chaka cha 1912 Mbusa T.C.B. Vlok, amene kale anakhalapo pa Livulezi kwathu kuno, anasamukira ku Salisbury kukaweta nkhosa zobalalikazo, ndipo mpingo umene unayambika pamenepo ndiwo unadzakhala Sinodi ya Harare. M'chaka cha 1935 Boma la Nyasaland linatuma bungwe lotsogozedwa ndi Bwana Travers Lacey kuti lifufuze za ulendowu, ndipo linapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ena mwa iwo atachona, osatumiza kalata kapena nsalu.

Tsono tiyenera kumvetsa chimene eni maiko aja anafuna. Anafuna manja a munthu, koma munthu mwiniyo sanamfune. Wopita pa joini ya Wenela analembedwa miyezi yowerengeka, nagona m'komboni mwa amuna okhaokha, osaloledwa kutenga mkazi, osaloledwa kusiya mgodi umenewo kukafuna wina. Ndipo miyezi ikatha anambwezera kwao, kuti akafuna ayambenso ngati munthu wosafikako ndi kale lonse. Chomwecho munthu anakhoza kutsiriza majoini khumi, nadziwa njira zonse za pansi pa nthaka, koma pamaso pa lamulo anali mlendo wofika dzulo. Ku South Africa lamulo la chaka cha 1937 linati kalata ya kukhazikika ipatsidwe kwa iye yekha amene akhoza kusanganikirana ndi Azungu a m'dzikomo, ndiko kunena kuti munthu wakuda asaiyembekeze konse. Ndipo mau amenewa anakhala m'lamulo kufikira 1986. Wenela sanaweta nkhalamba. Fumbi la mwala likadya chifuwa cha munthu, anadzatsokomolera pakhonde la mlongo wake kuno, ndipo amene anamsamala ndi mkazi yemwe anamsiya ali mtsikana.

Kuipa kwa kukhala wopanda malo kunaoneka poyera kawiri. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha amuna a ku Malawi oposa 70 amene anali kubwerera kwao. Dr. Banda analetsa joini, ndipo amuna athu, amene nthawi imeneyo anaposa 100,000 m'migodi ya kumeneko, anabwezedwa m'zaka ziwiri zokha. Njira inatsegukanso mu 1977, koma mu 1988 maboma awiriwa anakangana pa za kupima magazi a ofuna ntchito chifukwa cha kachilombo ka Edzi, ndipo joini inatsekedwa osatsegukanso; amuna pafupifupi 13,000 anataya ntchito. Palibe mmodzi wa iwo anafunsidwa. Anali ngati mkamwini amene akulu a mabanja awiri akayambana, iye apeza katundu wake ali kale panja.

Ndipo taonani chimene chinatsata. Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, Boma latsopano la South Africa linalola mu 1995 kuti alendo amene anagwira ntchito m'migodi zaka 10 apemphe kalata ya kukhazikika, ndipo anthu ngati 51,000 anabwera kudzapempha, makamaka a ku Lesotho ndi a ku Mozambique. Athu a joini anali kale kumudzi, khomo linatseguka iwo atachoka. Mu 1996 Boma lomwelo linaitananso anthu a maiko oyandikana nalo, Malawi pamodzi, amene anakhala m'dzikomo kuyambira kale 1991 isanafike pakati, okhala ndi ntchito kapena banja, ndi opanda mlandu; anapempha ngati 200,000, ndipo oposa 120,000 analandira. Mwa anthu athu, amene anakhoza kulowa pa khomo limeneli ndi aja anapita pa selefu, ophika ndi osamala maluwa m'nyumba za Azungu, osoka zovala, amene anakhalitsa osabwerera. Ndiko kuti machona omwe tinawadzudzula m'midzi ndi m'mabwalo a mpingo ndiwo anapata, ndipo omvera lamulo, obwerera pa nthawi yake, anatsala manja ali m'khosi.

Kodi kalatayi impatsa chiyani munthu? Choyamba imasula ntchito yake. Iye wa chilolezo cha miyezi amangidwa kwa bwana mmodzi, ndipo wopanda pepala lililonse amangidwa koposa, pakuti bwana akammana malipiro sangapite kukadandaula, kuopa kuti amgwira iye yemwe ndi kumtsekera ku Lindela, kumene asungira oyembekeza kuthamangitsidwa. Koma wokhazikika akhoza kusiya bwana woipa lero, mawa nalembedwa kwina, kapena kuyamba malonda akeake. Lamulo la olowa m'dziko la 2002 linanena kuti wokhazikika ali nawo maufulu a mbadwa, kupatula okhawo amene malamulo anasungira mbadwa zokha, monga kusankha olamulira. Ife aphunzitsi tikondwera ndi mlandu wina wa 1997, wotchedwa ndi dzina la Larbi-Odam: aphunzitsi ochokera kunja analembedwa ngati aganyu chaka ndi chaka, osaloledwa kukhazikika pa ntchito popeza sanali mbadwa, ndipo Bwalo Lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti kumana munthu wokhazikika ntchito yokhazikika ndi tsankho losayenera. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, bwalo lomwelo linagamula kuti okhazikika ayenera kulandira ndalama ya okalamba ndi ya ana monga mbadwa. Pamenepo pokha mlendo analeka kukhala manja okha, nawerengedwa munthu wokhoza kudwala ndi kukalamba.

Koma phindu limene ife a kumudzi tiyenera kulilingalira koposa ndi ili. Kale tinaopa kuti mwana akapatsidwa malo ku chilendo ndiye kuti tamtaya. Tikayang'anitsitsa tiona kuti nthawi zambiri chochonetsa munthu si kukhuta ayi, koma mantha. Iye wopanda pepala adziwa kuti akaoloka Limpopo kudza ku maliro a amake, mwina sadzaolokanso kubwerera ku ntchito. Chifukwa chake atumiza ndalama ya bokosi, nalira ali yekha m'kachipinda, ndipo chaka chitsata chinzake kufikira manyazi amletsa ngakhale kuimba lamya. Mkazi wake sangamuitane kumeneko, pakuti adzakhala obisala awiri. Ndipo mudziwa inu akulu a mpingo milandu ya maukwati imene ibadwa pamenepo. Koma wokhala ndi kalata akwera basi poyera, nafika pa Tsangano kapena pa Lizulu mwezi wa December, nafolera nyumba ya amake, nabwerera mtima uli m'malo. Akafuna atenga mkazi ndi ana, anawo nalowa sukulu ndi maina ao enieni. Kalata yomweyo imene imlola kukhala kutali ndiyo imlola kudza kwao.

Tisanamize munthu kuti pepala ndi linga. M'mwezi wa May 2008 anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa chipolowe chodana ndi alendo, ndipo mu 2015 Boma lathu linatuma mabasi kukatenga anthu athu othawa chipolowe china ku Durban. Onyamula zikwanje sanayambe afunsa kuona kalata. Ndiponso lamulo lija la 2002 linati kalatayi ikhoza kulandidwa munthu akakhala kunja kwa dzikolo kupitirira zaka 3.

Mbiri ya ku Zimbabwe itiphunzitsa mbali ina, ndipo ndi yowawa. Kumeneko anthu athu anakhazikika ndi matupi ao, koma ambiri sanakhazikike m'mabuku a Boma. Anakwatira, nabala ana m'makomboni a m'minda ndi m'migodi, anawo nabalanso ana. Anamanga mipingo ndi mizikiti, navina gule, nasonkha ndalama m'mabungwe a maliro kuti mnzao asaikidwe ngati galu. Monga Abrahamu anagula munda wa ku Makipela kuti aikemo Sara, iwonso anazindikira kuti mlendo ayamba kukhala mwini malo pa manda. Koma malo olima m'midzi ya eni dziko ambiri analibe, ndipo nyumba ya m'komboni inali ya mwini munda. Pamene minda ya Azungu inayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, antchito a m'mindamo anaposa 300,000, ndipo mwa iwo munali zidzukulu zambiri za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mbadwa inathawira kumudzi kwao. Nanga mdzukulu wa munthu wa kwa Njolomole, wosaona Ntcheu chibadwire, akanathawira kuti? Akulu ena a ndale anawatonza kuti ndi anthu opanda chiwongo, chinthu chodabwitsa kunena kwa Aphiri, Abanda ndi Angozo.

Mu 2001 lamulo linakhwimitsidwa, niliti aliyense amene akhoza kuwerengedwa nzika ya dziko lina akane unzika umenewo monga mwa malamulo a dziko linalo, m'miyezi 6 yokha. Taganizani munthu wosadziwa kulemba, wokhala kutali ndi Harare, wopanda kalata ya kubadwa ya atate wake, auzidwa kuti akakane dziko limene silinamlembepo. Ochuluka analephera, ndipo zitupa zao zinawatcha alendo m'dziko lobadwiramo. Malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anakonza zimenezi, nati wobadwira m'Zimbabwe chakacho chisanafike, wokhala momwemo, amene kholo lake linachokera ku maiko oyandikana monga Malawi, ndi mbadwa. Komabe lamulo limthandiza iye amene akhoza kuonetsa pepala, ndipo kumene agogo sanalembetse kubadwa kwa mwana, mdzukulu avutika kufikira lero. Chimene atate anyalanyaza pa ofesi ya Boma, ngongole yake igwera ana. Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inavomera mu 2018 kuti Mmalawi akhale nzika ya maiko awiri, chimene lamulo la 1966 linakaniza munthu wamkulu.

Nafenso takhalapo eni mudzi olandira obwera. Malire amene Angelezi ndi Apwitikizi anapangana mu 1891 anadula pakati pa abale, kotero kuti pa Lizulu munthu aoloka msewu nakhala ali m'dziko lina. Nkhondo ya ku Mozambique itakula mu 1986, anthu a ku Angonia anaoloka msewuwo ndi mitolo pamutu, ndipo pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi monse anaposa 1,000,000. Kuno ku Ntcheu ambiri anakhala m'midzi pakati pathu, mafumu nawaonetsa pomanga, pakuti chinenero ndi ziwongo zinali zimodzi. Mfumu inawapatsa malo, koma Boma linawawerenga alendo oyembekeza kubwerera, ndipo mtendere utapanganidwa ku Rome mu October 1992 anabwerera pafupifupi onse. Anzao amene anathawa nkhondo yomweyo kulowera ku South Africa ndiwo aja anapatsidwa kalata ya kukhazikika, nadzapambana mlandu wa Khosa. Ndipo ku Dzaleka m'boma la Dowa, kumene msasa wa othawa nkhondo unatsegulidwa mu 1994, alipo anthu a ku Rwanda, Burundi ndi Congo amene anabadwira momwemo, nakula, nabala ana olankhula Chichewa monga ife. Mu 2023 Boma linagwira amene anatuluka kukachita malonda m'mizinda, niliwabwezera kumsasa.