cStock ndi dashibodi yake

cStock ndi njira yolondolozera mankhwala a m'zipatala za m'midzi ku Malawi. Imadalira mauthenga a pafoni komanso dashibodi, tsamba la pa intaneti loonetsa ziwerengero zonse pamalo amodzi.

Mbiri yake

Mu 2008 Unduna wa Zaumoyo udayamba kuphunzitsa alangizi a zaumoyo kuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba kwa ana osakwana zaka zisanu m'midzi yotalikirana ndi chipatala. Koma mankhwala ankathera alangiziwo m'manja, kuboma osadziwa, chifukwa malipoti apapepala ankafika mochedwa. Bungwe la John Snow, Inc., kudzera mu ntchito yake ya SC4CCM yothandizidwa ndi Bill & Melinda Gates Foundation, lidachita kafukufuku mu 2010. Mu 2011 cStock idayesedwa m'maboma asanu ndi limodzi: Kasungu, Nkhotakota, Nsanje, Machinga, Mulanje ndi Nkhata Bay. Pulogalamuyo idalembedwa ndi kampani ya Dimagi. M'maboma atatu oyambawo mudakhazikitsidwanso magulu a DPAT, okumana nthawi ndi nthawi kukambirana zomwe ziwerengero zaonetsa. Pambuyo pake njirayi idafalikira m'dziko lonse.

Kapangidwe

Mwezi uliwonse mlangizi amatumiza uthenga wonena mankhwala omwe atsala. Kompyuta imawerengera omwe akufunika n'kudziwitsa kuchipatala, ndipo akalongedzedwa mlangizi amauzidwa kuti akatenge. Pa dashibodi akuluakulu a kuboma amaona amene watumiza lipoti, amene mankhwala amuthera, ndi masiku amene oda yatenga.

Kumidzi ya ku Kasungu

Nzeru ya opanga ili pa kugawa nkhope ya pulogalamuyi pawiri. Wa ku ofesi adampatsa magirafu, wa kumudzi adampatsa uthenga wamba womwe kafoni kamabatani kamatha kutumiza popanda bandulo. Kudera ngati la Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, izi n'zofunika kwambiri. Malungo amavuta m'nyengo ya dzinja, nthawi yomweyo imene mabanja ali kalikiliki kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa, misewu yafumbi itasanduka matope. Mayi amene wasiya ntchito n'kubereka mwana wotentha thupi amayembekeza kupeza mankhwala a malungo a LA kwa "adokotala", monga momwe ambiri amatchulira mlangizi wawo. Wotsegula m'mimba amafuna Thanzi ndi zinki. Mlangiziyo naye sapalasanso njinga ulendo wautali n'kukabwerako chimanjamanja, poti amanyamuka atamva kuti katundu wake wakonzedwa.

Kufunika kwake

Zikuoneka kuti cStock idathandiza kuti malipoti azifika msanga, ngakhale dashibodi payokha singabweretse mankhwala amene kunkhokwe kulibe.