Kuchedwa kwa SSD ndi ntchito ya firmware: zofunika kudziwa

SSD, dzina lomwe ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti solid state drive, ndi chipangizo chosungira mafayilo ndi mapulogalamu m'kompyuta. Mosiyana ndi hard disk, yomwe ili ndi mbale zozungulira komanso kamkono kowerengera, SSD ilibe chiwalo chilichonse choyenda, ndipo imasunga zonse m'tizipinda ting'onoting'ono tamagetsi totchedwa NAND flash. Pachifukwachi imawerenga ndi kulemba mofulumira kwambiri. Komabe SSD imatha kuyamba kuchedwa pakapita miyezi kapena zaka, ndipo nthawi zina gwero la vutolo limakhala mu firmware, pulogalamu yomwe kampani yopanga imaika m'kati mwa chipangizocho kuti iziyendetsa ntchito zake zonse.

Momwe SSD imasungira zinthu

Luso la NAND flash lidachokera kukampani ya Toshiba ya ku Japan, komwe Fujio Masuoka ndi anzake adalilengeza m'chaka cha 1987. Kachipinda kalikonse kamasunga mlingo wina wa mphamvu yamagetsi, ndipo mlingowo ndi umene umawerengedwa ngati nambala. Mu mtundu wa SLC kachipinda kamasunga bit imodzi ndipo kamasiyanitsa milingo iwiri yokha. Mtundu wa MLC umasunga ma bit awiri pa milingo 4, wa TLC ma bit atatu pa milingo 8, ndipo wa QLC ma bit anayi pa milingo 16. Kuchulukitsa milingo kumatsitsa mtengo wa chipangizo ndi kukuza malo osungira, koma kumachepetsa mpata pakati pa mlingo wina ndi unzake, kotero kuti mphamvu ikasuntha pang'ono chabe nambala imatha kuwerengedwa molakwika.

Tizipindati timaikidwa m'magulu otchedwa masamba, ndipo masamba ambiri pamodzi amapanga buloko. SSD imalemba tsamba limodzilimodzi, koma pofufuta imafufuta buloko yonse nthawi imodzi. Ndiye kuti siingalembe pamwamba pa tsamba lomwe lili kale ndi zinthu. Fayilo ikasinthidwa, kontirola ya SSD imalemba zatsopanozo patsamba lopanda kanthu, n'kuika chizindikiro choti tsamba lakale latha ntchito. Pambuyo pake imasamutsa masamba abwino otsala m'buloko yakaleyo kuti iifufute yonse. Kontirola imagawanso ntchito yolemba mofanana m'mabuloko onse, popeza buloko iliyonse ili ndi malire a maulendo amene ingafufutidwe isanafooke, komanso imakonza zolakwika zopezeka powerenga. Malamulo oyendetsera zonsezi ali mu firmware.

Zifukwa zodziwika za kuchedwa

Choyamba ndi kudzaza. SSD ikatsala ndi malo ochepa, kontirola imasowa mabuloko opanda kanthu, ndipo imayamba yasamutsa ndi kufufuta isanalembe chatsopano chilichonse.

Chachiwiri ndi kusowa kwa TRIM, lamulo lomwe kompyuta imatumiza pouza SSD kuti masamba a fayilo yomwe yafufutidwa safunikanso. Popanda lamuloli SSD imapitiriza kusamutsa zinthu zomwe mwiniwake adataya kale. Kampani ya Microsoft idayamba kugwiritsa ntchito TRIM mu Windows 7 m'chaka cha 2009, choncho makompyuta oyendera Windows XP kapena Vista satumiza lamuloli paokha.

Chachitatu ndi kutha kwa malo olandirira msanga. Ma SSD ambiri a TLC ndi QLC amapatula gawo lina n'kuligwiritsa ntchito ngati SLC kuti lizilandira zolembedwa mwachangu. Munthu akamakopera fayilo yaikulu gawolo n'kudzaza, liwiro limatsika mwadzidzidzi. Kutsika kumeneku ndi chikhalidwe cha kapangidwe kake, ndipo liwiro limabwerera SSD ikapeza nthawi yosamutsa zomwe zili m'gawolo.

Chachinayi ndi kutentha. Ma SSD a mtundu wa NVMe, makamaka m'malaputopu opyapyala kapena odzaza fumbi, amachepetsa okha liwiro akatentha kupyola malire amene kampani idaika, pofuna kudziteteza.

Chachisanu ndi kukalamba kwa zomwe zidalembedwa kalekale, ndipo chitsanzo chake chodziwika bwino ndi nkhani ya Samsung 840 EVO.

Nkhani ya Samsung 840 EVO

Kampani ya Samsung ya ku South Korea idatulutsa 840 EVO m'chaka cha 2013. Inali ya TLC, yokhala ndi tizipinda ta luso la mananomita 19, ndipo idagulidwa kwambiri chifukwa cha kutsika mtengo. Kampaniyo idalengeza kuti imawerenga pa liwiro lofika mamegabaiti 540 pa sekondi. Mu 2014 ogwiritsa ntchito m'maiko osiyanasiyana adaona kuti mafayilo amene akhala milungu ingapo kapena miyezi osasinthidwa akuwerengedwa pa liwiro lochepera mamegabaiti 100 pa sekondi, lomwe ngakhale hard disk wamba imatha kulipitirira.

Vutoli lidachedwa kudziwika chifukwa mapulogalamu ambiri oyesera liwiro amayamba alemba fayilo yatsopano kenako n'kuiwerenga. Fayilo yatsopano inkawerengedwa bwinobwino, ndipo zotsatira zinkaonetsa kuti SSD ilibe vuto, pamene mafayilo a Windows ndi mapulogalamu oikidwa kalekale ankatsekuka mochedwa.

Samsung idafotokoza kuti mphamvu yosungidwa m'tizipinda imasuntha pang'onopang'ono pakapita nthawi, ndipo firmware sinkatsata bwino kusunthako. Kontirola ikalephera kuwerenga koyamba inkabwereza kangapo uku ikusintha muyeso, mpaka itapeza nambala yolondola. Mafayilo sankaonongeka, koma kubwerezako kunkadya nthawi.

Mu Okutobala 2014 kampaniyo idatulutsa firmware yatsopano pamodzi ndi pulogalamu yotchedwa Performance Restoration, yomwe inkalembanso zonse za mu SSD kuti zikhale ngati zatsopano. Liwiro lidabwerera, koma pofika kumayambiriro kwa 2015 ena adaona kuti kuchedwa kwayambiranso. Mu Epulo 2015 Samsung idatulutsa firmware yachiwiri, EXT0DB6Q, yomwe imalembanso yokha zinthu zakale nthawi ndi nthawi pamene SSD yayaka koma ilibe ntchito. Njirayi imadyako pang'ono moyo wa tizipinda, ndipo siigwira ntchito ngati chipangizo chasungidwa chozima. Mu 850 EVO, yomwe idatuluka kumapeto kwa 2014, Samsung idagwiritsa ntchito tizipinda tokulirapo tosanjikizana m'mwamba, totchedwa V-NAND, tomwe timasunga mphamvu mokhazikika.

Mavuto ena amene adakonzedwa ndi firmware

M'chaka cha 2009 oyesa zipangizo adaonetsa kuti Intel X25-M yoyamba imachedwa kwambiri ikalembedwa timafayilo ting'onoting'ono kwa nthawi yaitali, ndipo Intel idatulutsa firmware yokonza vutoli mu Epulo chaka chomwecho. Mu 2011 ma SSD ena a Intel 320 ankati magetsi akazima mwadzidzidzi, poyakanso ankaoneka ngati ali ndi mamegabaiti 8 okha, mafayilo onse osafikirika. Firmware yoletsa zimenezi idatuluka mu Ogasiti 2011.

Mavuto ena amachokera pa kuwerengera maola. Crucial m4 inkati ikakwanitsa maola 5,184 ili yoyaka, omwe ndi masiku 216, inkasiya kuyankha, ndipo ikayatsidwanso inkabwereza zomwezo pakatha ola lililonse. Firmware ya nambala 0309 idathetsa vutoli mu Januwale 2012. Mu Novembala 2019 kampani ya Hewlett Packard Enterprise idachenjeza kuti ma SSD ena a m'makompyuta akuluakulu a m'mabungwe adzafa akakwanitsa maola 32,768, omwe ndi zaka 3, masiku 270 ndi maola 8, ndipo zosungidwamo sizidzapezekanso. Ngozi inali yoti ma SSD oikidwa tsiku limodzi akadafa pafupifupi nthawi imodzi, kuphatikizapo amene adaikidwa kuti asunge makope a anzawo. Mu 2020 chenjezo lofanana lidaperekedwa pa ma SSD ena amene ankafa pa maola 40,000.

Kumayambiriro kwa 2023 ena ogula Samsung 990 Pro adaona kuti chiwerengero cha thanzi la chipangizocho chikutsika msanga chikadali chatsopano. Firmware yomwe idatuluka mu Febuluwale 2023 idaimitsa kutsikako, koma sidabwezeretse chiwerengero chomwe chidatsika kale.

Kuika firmware yatsopano

Kusintha firmware kuli ndi ngozi zake. Mu Okutobala 2009 Intel idachotsa firmware yomwe inkabweretsa TRIM ku X25-M yachiwiri itamva kuti ma SSD ena asiya kugwira ntchito ataiika pa Windows 7, ndipo idatulutsa ina itakonza cholakwikacho. Choncho ntchitoyi imafuna dongosolo.

Poyamba mwinikompyuta adziwe dzina lenileni la SSD ndi nambala ya firmware yomwe ilimo. Mapulogalamu aulere monga CrystalDiskInfo pa Windows ndi smartmontools pa Linux amaonetsa zimenezi, pamodzi ndi maola amene chipangizo chagwira ntchito, kutentha kwake ndi kuchuluka kwa zomwe chalemba. Kenako awerenge zomwe kampani yalemba zokhudza firmware yatsopanoyo, kuti aone ngati ikukonza vuto lomwe iye ali nalo.

Firmware itengedwe kwa kampani yopanga yokha, kudzera m'mapulogalamu ake monga Samsung Magician kapena Kingston SSD Manager. SSD yomwe idabwera m'kati mwa kompyuta ya Dell, HP kapena Lenovo kawirikawiri imakhala ndi firmware yapadera, ndipo yatsopano imapezeka kwa kampani ya kompyutayo. Izi n'zofunika kwa ogula makompyuta ogwiritsidwapo ntchito kale ochokera kunja, omwe ndi ambiri m'masukulu, m'maofesi ndi m'mabizinesi ang'onoang'ono m'chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa, popeza ena amabwera ndi SSD yazaka zambiri yomwe firmware yake sidasinthidwepo.

Asanayambe, akopere mafayilo onse ofunika pachipangizo china. Magetsi akazima firmware ili pakati polembedwa, SSD imatha kusiyiratu kudziwika ndi kompyuta. M'madera momwe magetsi amazima mosayembekezeka, laputopu ikhale ndi batire lodzaza komanso yolumikizidwa kumagetsi, ndipo kompyuta yapatebulo ilumikizidwe ku UPS. SSD yomwe ili m'kabokosi kolumikizira pa USB nthawi zambiri siilandira firmware, choncho iikidwe m'kati mwa kompyuta. Ntchitoyo ikatha, kompyuta izimitsidwe kotheratu, iyatsidwenso, ndipo nambala ya firmware ionedwe ngati yasintha.

Zomwe firmware siingakonze

Firmware imasintha kayendetsedwe ka tizipinda, koma siibwezeretsa tomwe tafooka. Ngati pulogalamu yoyezera ikuonetsa kuti mabuloko osungira padera akutha, kapena SSD yayamba kukana kulemba n'kumangolola kuwerenga, mafayilo asamutsidwe msanga ndipo chipangizocho chisinthidwe. Ngati kuchedwa kukuchokera pa kudzaza, kuchotsa mafayilo osafunika ndi kuonetsetsa kuti TRIM ikugwira ntchito n'kokwanira. Ngati kukuchokera pa kutentha, fumbi lichotsedwe ndipo mpweya uziyenda bwino. SSD ya SATA yolumikizidwa pa doko lakale la SATA II siingapitirire mamegabaiti 300 pa sekondi, kaya firmware yake ndi yatsopano motani. Pofuna kudziwa ngati vuto ndi la zinthu zakale monga la 840 EVO, munthu akopere fayilo yaikulu yomwe yakhala miyezi ingapo osasinthidwa, kenako akopere ina yaukulu womwewo yolembedwa tsiku lomwelo, n'kuyerekeza nthawi yomwe iliyonse yatenga.