Maganizo

Pa gombe la Senga Bay ku Salima, msodzi yemwe mwera wamumizira bwato ndi makoka akayamba kuonda, kusowa tulo ndi kumangokhala duu, anzake amati, "Ndi maganizo." Apa sakunena nzeru zopereka pabwalo la amfumu, zija timati "perekani maganizo anu". Akunena cholemera cha mumtima, chija chodwalitsa munthu ngakhale achipatala atamuyeza magazi osapeza malungo.

Mawu omwewa ndi amene timafotokozera saikoloje: maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu. Wachinyamata wa ku Salima wofuna digiri yoyamba ya zimenezi angapite ku University of Malawi ku Zomba, n'kukhalako zaka 4. Kumeneko amaphunzira mmene mwana amakulira, mmene ubongo umakumbukirira ndi kuiwala, ndiponso masamu a kafukufuku, omwe ambiri sawayembekezera n'komwe.

Akabwerera kwawo ena amamutcha dokotala wa amisala, koma n'kulakwitsa. Digiriyi simupatsa mphamvu zolembera odwala mankhwala. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala, monga a ku Zomba Mental Hospital. Ndiponso sadziwa za mumtima mwa munthu pongomuyang'ana, ngakhale ambiri amamuopa poganiza choncho.