Tinkhata ta mumsana: kuchokera ku mpeni kufika ku mbuzi

Chimanga chowolokera ku Chiponde kuchokera ku Mandimba, fodya wa ku Ngauma, thonje la ku Cuamba, zonsezi zisanakwere galimoto zimayamba zakwera pamutu kapena pamsana pa munthu. Chimene chimalandira kulemerako ndi tinkhata 23 tokhala pakati pa mafupa a msana, tolimba kunja, tofewa mkati. Vuto lake n'lakuti mkati mwake simufika mitsempha ya magazi, ndiye kankhata kakang'ambika sikapola msanga.

Mu 1934, madokotala William Mixter ndi Joseph Barr a ku Boston anaonetsa kuti ululu wotsikira kumwendo umabwera kankhata kakaphulika n'kupana mtsempha. Mankhwala ake anali mpeni, kuchotsa chotuluka chija. Kenako Ulf Fernström wa ku Sweden anayesa kuikapo timipira tachitsulo, koma tambiri tinkalowa m'fupa.

Chosangalatsa chinachitika ku East Berlin mu 1984, nthawi imene achinyamata a ku Mozambique ankagwira ntchito m'mafakitale a dziko la East Germany. Karin Büttner-Janz, yemwe anapata golide pa masewera a Olimpiki a 1972 asanakhale dokotala, anapanga pamodzi ndi Kurt Schellnack kankhata kachitsulo ndi pulasitiki pachipatala cha Charité. Ku America anakavomereza mu 2004. Komabe chitsulo ndi chitsulo, sichikhala mnofu.

Apa ndi pamene nzeru inatembenuka: bwanji osapanga chimango chofewa, n'kuikamo maselo amoyo kuti amange okha? Mu 2011, gulu la Lawrence Bonassar ku Cornell linatenga collagen, ija imalimbitsa khungu ndi minyewa, ndi alginate wochokera ku zomera za m'nyanja, n'kuthiramo maselo a nkhosa. Tinkhata timeneti anatiika m'michira ya makoswe ndipo tinakhalamo miyezi 6 tikugwira ntchito. Mu 2018, a ku University of Pennsylvania anafika poika totere m'makosi a mbuzi.

Mbuzi si munthu, ndipo kankhata kathunthu komera chonchi sikanafike m'zipatala, ngakhale za mayiko olemera. Wonyamula katundu asadikire zimenezo. Msana ukamapweteka mwendo n'kuchita dzanzi kapena kufooka, makamaka mkodzo ukayamba kuvuta, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.