IMEI: nambala yomwe foni yanu inabadwa nayo

Foni iliyonse, kaya ndi Itel ya mabatani kaya Samsung yodula, ili ndi nambala yakeyake yotchedwa IMEI. Imakhala ndi manambala 15. Mukadina *#06# ngati mukuimba foni, imatuluka pompo, osafunanso mayunitsi. Foni yolowa malaini awiri, ngati ma Tecno adzaza m'tauni munowa, imakhala ndi ma IMEI awiri.

Nambalayi ndi ya foni, osati ya laini. Wakuba akhoza kutaya SIM khadi yanu n'kufufuta zonse, koma IMEI imatsala, n'chifukwa chake apolisi amaifunsa mukakadandaula. Ine ndinadziwa mochedwa. Atandisolola mu minibasi, kupolisi anandifunsa IMEI, ine kukamwa yasa. Bokosi lomwe inalembedwapo ndinali nditakolezera mbaula kalekale.

Ilembeni m'kope kunyumba, osati mufoni momwemo. Pogula foni yomwe wina anaigwiritsapo ntchito, dinani *#06# wogulitsa akuona, mufananize ndi yolembedwa pabokosi kapena pansi pa batire ngati ndi lochotseka. Zikasiyana, isiyeni, ngakhale mtengo utsike bwanji. Kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu, ndipo apolisi amayambira pa amene ampeza nayo m'manja.