Sabata inafika ku Thyolo, malire ake anatsala

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani, tamvani iyi. Akatswiri a chilamulo cha Ayuda analamula kuti pa Sabata munthu asapitirire mikono 2,000 kuchokera kumalire a mudzi wake, pafupifupi kilomita imodzi. Ndiwo mtunda wotchulidwa pa Machitidwe 1:12. Chiletsocho anachitenga pa Eksodo 16:29, muyeso pa Numeri 35:5. Wofuna kupitirira ankakasiya chakudya pamalirepo Lachisanu dzuwa lisanalowe, malowo n'kusanduka kwawo. Kuchenjeratu!

Joseph Booth anaphunzitsa Sabata ku Plainfield, ku Thyolo, malo amene a Seventh-day Adventist anagula mu 1902, Malamulo wa lero. Lamulo la mtundali silinabwere nawo. Likanabwera, kuno ku Lobi ambiri a Sabata akanamapemphera pakhomo, chifukwa tchalitchi n'kutali.